Tsiku Limene Madamu Anavala Poto

Mwanayo anamupatsa dzina loti Wayilesi chifukwa chosatseka pakamwa. Akadzuka ankayamba ndi kulira, akakhuta n'kuyamba nkhani zake zopanda mutu, ndipo ngakhale ali m'tulo ankang'ung'udza. Bambo ake ndi amene anayambitsa dzinalo, ponena kuti akanadziwa pamene pali batani bwenzi akumuchepetsako mawu. Koma m'mawa wa tsiku limeneli Wayilesi anali chete, ndipo m'nyumba monse munthu mmodzi yekha ndi amene anada nako nkhawa kukhala cheteko.

Munthuyo anali mayi wake, amene anthu a mumsewu wawo ankamutcha Madamu chifukwa ankaphunzitsa ana ang'onoang'ono pasukulu ya kuseri kwa msika. Anakhala pabedi, mwana ali pamiyendo, n'kumuika botolo la mkaka pakamwa. Wayilesi anayamwako pang'ono, n'kulisiya, n'kuyamba kusakasaka mpweya. Chifuwa chinamuyamba kumayambiriro kwa sabata, ndipo aliyense ankati ndi chimfine cha fumbi. Madamu anakweza kamalaya n'kuyang'anitsitsa. Mwana akakoka mpweya, khungu la m'munsi mwa nthiti linkalowa m'kati, kusiya kadzenje koti chala n'kukwanamo. Timphuno tinkatseguka ndi kutsekeka. Potulutsa mpweyawo ankabuula ngati munthu wamkulu amene wasenza katundu wolemera.

Mawu oyenera kunena ankawadziwa. Vuto linali loti mawu amenewo anawanenapo kale kambirimbiri, ndipo ndi omwewo amene anamupititsa kuwodi ya matenda a maganizo.

Zinachitika atangobereka. Tulo tinamuthawa, chakudya chinkamukanika, ndipo m'mutu mwake munakhazikika chinthu chimodzi chokha, choti mwana wasiya kupuma. Ankakhala pambali pake ndi kagalasi, kumakaika pamphuno kuti aone nthunzi. Ankadzutsa mwamuna wake, kudzutsa aneba, kuthamangira kuchipatala, ndipo kumeneko ankapeza kuti wabweretsa mwana wonenepa bwino, akuyamwa chibakera chake, alibe vuto lililonse. Tsiku lina anamupeza panjira alibe nsapato, mwana ali m'manja, osadziwa kumene akuchokera. Anagonekedwa milungu ingapo, anamwa mankhwala, ndipo anachira. Dokotala ananena yekha pamaso pa onse kuti matendawa amagwira amayi ena akangobereka, amachizika, ndipo mayiyu angathe kulera mwana wake ngati mayi wina aliyense. Onse anagwedeza mitu mwaulemu. Koma pofika kunyumba anali atasunga mawu amodzi okha a dokotalayo, oti asamadumphitse mankhwala.

Msewu wawowo unalinso ndi madokotala akeake. Ena ankati anamulodza mnzake wa kuntchito. Ena ankati ndi mabuku, munthu akawerenga mopitirira mutu umatentha. Mayi wina wogulitsa makala, amene sanaonepo Madamu atagwira ngakhale ndudu, ankalumbira kuti ndi chamba. Pa chinthu chimodzi ankagwirizana onse, kuti zoterezi sizitha, zimangogona.

Ndiye apongozi anabwera kudzathandiza kwa masiku ochepa, ndipo masiku ochepawo anasanduka miyezi. Musawaone ngati munthu woipa mtima ayi. Ankachapa, ankaphika, ankapempherera mpongozi wawoyo mpaka misozi. Koma mipeni yonse ya m'nyumba inkagona m'sutikesi mwawo, pamodzi ndi sizasi, malezala ndi chingwe chotsala choyanikira zovala. Madamu, amene sanamenyepo ngakhale mwana wa sukulu wovuta kwambiri, ankachita kupempha mpeni kuti adule tomato, ndipo ankadula wina ataimirira pambali. Kiyi wa geti ankakhala pakachingwe m'khosi mwa apongozi. Madamu akaseka kwambiri, ankamuyang'ana. Akakhala chete, ankamuyang'ananso. Tsiku lina anyezi anamutulutsa misozi, ndipo madzulo ake anamva apongozi akunong'oneza mwana wawo kuti lero analira.

Anaphunzira kukhala pakatikati, kuseka pang'ono, kuyankhula pang'ono, ndiponso kumeza mkwiyo usanafike pakhosi. Zinali zopweteka, koma zinayamba kupindula. Mkulu wa sukulu anali atatumiza uthenga kuti teremu ya mawa angathe kubwerera m'kalasi. Mwamuna wake anali atayamba kunena kuti mwezi ukatha amayi apite kwawo akapume.

Asanaitane munthu, anayamba wadzizenga mlandu yekha, ndipo pamenepa ndi pamene pankawawa kwambiri. Munthu amene maso ake anamunamizapo sawakhulupiriranso msanga. Kodi dzenje la pansi pa nthitili lilipodi, kapena zija zabweranso? Nthawi ijanso ankaona zinthu bwinobwino, mpaka akanatha kulumbira. Anadzifunsa ngati anagona, ndipo anagonadi. Anadya, anamwa mankhwala. Kenako anayang'ana botolo. Nthawi ya matenda ake mwana ankamaliza mkaka wonse n'kufuna wina. Lero botolo linali lodzaza, la dzulo madzulo analisiyanso pakati. Botolo silinali m'mutu mwake, linali m'manja, ndipo linkalemera.

"Amayi, tabwerani mudzaone mwanayu."

Apongozi anali pakhonde akuchapa matewera. Analowa akupukuta manja. "Watani?"

"Akukana mkaka. Ndiye taonani apa, pansi pa nthiti." Mawu aja ankawazemba dala.

Apongozi anagwira mwana pamphumi. "Kathupi katenthadi pang'ono. Ndi mano awa. Bambo ake pomera mano ankachita chimodzimodzi, mpaka tinkati tiwataya."

"Si mano, amayi. Sakupuma bwino."

Mawuwo atangotuluka, apongozi anachotsa maso pa mwana n'kuwaika pa mayi wake, ndipo sanawabwezerenso pa mwanayo.

"Mwagona bwanji usiku, make mwana?"

"Ndagona bwino."

"Mankhwala aja mwamwa, eti?"

"Munandiona ndikumwa. Ndinayasamulanso kukamwa kuti muone. Amayi, musayang'ane ine, yang'anani mwana."

"Ndamuona. Akupuma. Nanga uwu si mpweya?" Anatenga mafuta onunkhira aja opaka pachifuwa, anamupaka m'kati mwa malaya, n'kumufunda bulangete mpaka m'khosi. "Musiyeni agone. Inunso mugoneko pang'ono."

Madamu anaimbira foni mwamuna wake, amene ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa malata ndi zitsulo. Kumbuyo kunkamveka phokoso la malata akuwatsitsa m'lole. Anayankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse kuwayeza kaye. Ananena za botolo, za kutentha thupi, za nthiti. Mwamunayo anamvetsera mpaka pamene anafika pa kupuma.

"Tawapatsani foni amayi."

Apongozi anatuluka nayo panja, ngati kuti khoma la nyumba ya lendi limabisa mawu. "Iyayi, mwana ali bwino, ndi mano... Ee, mawu aja... Ayi, sanachite chilichonse, koma maso akewo sindikuwamvetsa."

Foni itabwerera, mwamunayo anali atasintha mawu. Anali aja ofewa, oyankhulira munthu amene waima m'mphepete mwa chitsime. Madamu ankadana nawo mawu amenewa kuposa kukalipa.

"Make mwana, tapumani kaye. Ndikaweruka tiona. Zikapitirira, mawa m'mawa tipita tonse."

"Mawa n'kutali, bambo a mwana. Ndikukupemphani. Chonde bwerani mudzaone nokha."

"Abwana anandilola kutuluka kambirimbiri nthawi ija, ndipo ulendo uliwonse tinkakapeza mwana ali bwino. Ndikawauza chiyani lero? Mverani amayi. Ndimakukondani, mwamva?"

Madamu anatuluka panja n'kupita pageti. Geti linali lachitsulo, lokhala ndi kazenera kolowetsa dzanja. Kutsidya kwa msewu, mkazi wa dalaivala wa takisi ankayanika zovala, ndipo takisiyo inali itaima pamthunzi pafupi naye.

"Anzanga! Abambo alipo? Mwana wadwala, ndikufuna atithamangitsire kuchipatala."

Mayiyo anayandikira, nkhope itagwa ndi chisoni chenicheni. Kenako maso ake anadutsa paphewa pa Madamu. Madamu sanafunike kucheuka kuti adziwe zoti kumbuyo kwake kwaima apongozi, chala chili pambali pa mutu.

"Pepani, Madamu, abambo akugona. Afika m'mawa uno otopa. Mwina akadzuka."

Atabwerera kuchipinda anapeza zinthu zitasintha. Milomo ya Wayilesi inali itayamba kutuwa. Maso anali otsegula pang'ono, koma sankatsatiranso nkhope ya mayi wake. Kubuula kuja kunkabwera pafupipafupi. Mantha anamugwira Madamu. Anagwada pansi pamaso pa apongozi, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire.

"Amayi, tiyeni tonse. Mwana mumunyamule ndinu, ine ndizingoyenda pambuyo, sindimugwira. Akakanena kuti ali bwino, mukandisiye konko kuwodi kuja, sindikakana. Chonde, amayi."

Apongozi nawonso misozi inalengeza. Anamugwira mutu ngati mwana wawo wobereka okha. "Mwana wanga, tikakutsatirani lero, mawa muyambanso, mkuja chimodzimodzi. Ndi mmene zinayambira zija. Mwanayu kumutulutsa pamphepo ndiye kumudwalitsa kumene. Ndikukuthandizani ine, mudzandithokoza."

Ankanena zochokera pansi pa mtima, ndipo n'chifukwa chake panalibe polowera. Munthu wankhanza ungathe kumuchititsa manyazi, koma wokukonda amene watsimikiza kuti akukupulumutsa sasuntha.

Madamu anaima pakhonde mutu utaima. Mpanda unali wa njerwa, wautali, pamwamba pake atamatapo mabotolo osweka. Yekha akanayesa, koma osati ndi mwana. Kiyi akanatha kumulanda, apongozi anali munthu wamkulu wopanda mphamvu. Koma akanakuwa, msewu wonse ukanathamangira pageti, akanamugwira, n'kumulanda mwana, n'kumubwezera pabedi pansi pa bulangete lija. Kukuwa yekha kuti mwana akufa sikukanathandiza, popeza anthu omwewa anamva kale kukuwa kumeneko n'kutopa nako. Akayankhula modekha ankati nkhaniyo si yachangu. Akakweza mawu ankati wadwala.

Anayang'ananso takisi ija kudzera pakazenera ka geti, ndipo pamenepo anakumbukira. Atangotuluka m'chipatala, mwamuna wake ndi apongozi anapita kwa dalaivalayo kukapangana naye. Iye anamva yekha ali kukhitchini. Anagwirizana kuti zikadzayambanso, kaya akugona kaya akudya, adzasiye zonse n'kuthamanga naye. Kusitolo nakonso abwana anali atauzidwa kuti ikadzabwera foni yotero, munthu atuluke osafunsa.

Ndiye kuti galimoto inalipo. Inali yokonzeka kalekale, yodikira misala yake. Chifuwa cha mwana n'chimene chinalibe galimoto.

Anaganizira kalasi yake, timipando tating'ono tija, ndi miyezi yonse imene wakhala akumeza mawu kuti anthu amuonenso ngati munthu. Zonsezo anazimanga movutikira kwambiri, ndipo ankadziwa kuti akaziphwanya lero sadzazitoleranso. Kuchipinda mwana anabuulanso, ndipo Madamu analowa.

Anamunyamula Wayilesi n'kumukhazika choimirira pachifuwa pake, mutu uli pansi pa chibwano. Anamumanga ndi nsalu ziwiri, ina pamwamba pa inzake, mfundo iliyonse kuikoka ndi mano, kenako n'kuzinyowetsa ndi madzi kuti zilimbe.

Tsopano panatsala funso loti wamisala amatani. Choseketsa chake, iye amene anagonako kuwodi sankadziwa. Anthu amene anakhala nawo kumeneko ambiri anali achete. Ankagona, ankalukana tsitsi, ankafunsa anamwino ngati ana awo abwera. Iye mwini pa nthawi imene anadwalitsitsa ankangokhala pakona akunjenjemera, osafuna kuti munthu amuone. Misala yoteroyo ikanangomupezetsa kapu ya tiyi ndi pemphero. Inkafunika ija imene apongozi ndi msewu wonse ankaidziwa, ya m'nkhani zawo.

Anavala jombo ya mwamuna wake phazi limodzi. Anatenga poto wamkulu n'kumuvala kumutu. Ananyamula mbale zadothi zonse zimene anapatsidwa pa ukwati, natuluka nazo pakhonde, n'kuyamba kuziponya pasimenti imodziimodzi, kutali ndi mwana.

"Ana inu, lowani m'kalasi!" anakuwa. "Belu lalira! Mwadzuka bwanji, ana?"

Ndipo anaseka. Kuseka kwake kunatuluka koipa, kokanda pakhosi, moti nayenso anachita nako mantha.

"Mayo ine! Zayamba!" Apongozi anatuluka m'nyumba manja ali kumutu. "Anthuni, thandizeni! Zayambanso!"

Kiyi amene m'mawa wonse anali wosatheka kuvula anatuluka m'khosi ngati wapakidwa mafuta. Dalaivala amene anali wotopa kwambiri uja anatulukira atavala vesiti, lamba ali m'manja, ndipo injini inalira asanamalize n'komwe kumanga buluku. Apongozi anali kale pafoni. "Bwera msanga, mwana wanga, tikumane kuchipatala!"

Geti litatseguka anthu anakhamukira m'kati. Munthu sungadziwe kuti msewu wanu uli ndi anthu ambiri chotere mpaka tsiku limene wachita manyazi. Ena anakwera pamiyala, ena ananyamula ana awo kuti aone bwino, mafoni ali m'mwamba akujambula. Wamakala uja anaima kutsogolo manja ali m'chiuno.

"Ndinanena ine! Sizitha izi!"

"Mulandeni mwanayo, amupweteka!"

Dalaivala anayandikira n'kugwira mfundo ya paphewa. Madamu anatembenuka n'kumuonetsa mano, ndipo bamboyo analumphira kumbuyo.

"Samalani, amaluma amenewa!" anatero wina. "Zikawagwira amakhala ndi mphamvu za amuna khumi."

"Wophunzira wanga uyu satsala!" Madamu anakuwa, akugogoda poto ndi chala. "Akatsala uyu, aphunzitsi sakwera! Iwe wa kumbuyo, tseka pakamwa, ndikulemba dzina!"

Anthu anaseka. Pakati pa osekawo anaona nkhope imodzi yosaseka, ya mayi wina amene mwana wake wamkazi anaphunzira kugwira pensulo m'manja mwa Madamu. Sabata yatha yomweyi mayiyu anamuimitsa pageti n'kumuuza kuti ana akumusowa. Tsopano anali atagwira pakamwa, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Manyazi anamutentha Madamu thupi lonse, moti analakalaka pansi patang'ambika. Anakweza mawu n'kuyamba kuwerengetsa anthuwo a, e, i, o, u.

"Asiyeni akwere naye," anatero dalaivala. "Tikalimbana nawo pano tivulaza mwana. Akamumasula konko, ali ndi njira zawo."

Madamu anakhala kumpando wa kumbuyo, apongozi ali pambali atatsamira chitseko, akupemphera motsitsa. Galimoto inatuluka mumsewu wawo wa mabampu n'kulowa mumsewu waukulu. Pafupi ndi msika inakodwa pamzere wa magalimoto, chifukwa lole ina inali itafera pakati pa msewu. Madamu anaweramitsa mutu, poto n'kutsetserekera kumaso, naika khutu pafupi ndi kamwa ya mwana. Mpweya unalipo, koma wochepa, wothamanga, wosafika pansi. Kathupi kankatentha kudutsa nsalu zonse ziwiri. Anayamba kumunong'oneza kuti limba, bambo wanga, tatsala pang'ono, limba. Anaiwala zonse, mpaka anamva mawu a apongozi.

"A dalaivala, taonani, akukhala ngati akhazikika. Mwina tibwerere, akamwe mankhwala kunyumba. Kuchipatala kuja akangolowa satuluka msanga, ndiye mwanayunso ali pamphepo."

Dalaivala anayang'ana pagalasi, dzanja lili kale pachiwongolero kufuna pokhotera.

Madamu anatulutsa mutu pawindo n'kukuwira ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. "Imirirani! Khalani pansi! Imirirani! Amene sanamete tsitsi abwerere kwawo!" Anamenya chitseko ndi chigongono, anaimba nyimbo yopanda mawu, anaseka misozi ikutsika, ndipo palibe anadziwa kuti misoziyo inali yeniyeni. Anyamata a pamsika anayamba kuthamangira galimotoyo akuimba mluzu.

"Kubwerera ndiye ayi, amayi," anatero dalaivala. Anakwera m'mbali mwa msewu, akuliza hutala, n'kuidutsa lole ija.

Chipatalacho Madamu ankachidziwa bwino kuposa onse m'galimotomo. Ukalowa pageti, mbali ya ana ili pafupi, kudzanja lamanja. Wodi ya matenda a maganizo ili kuseri kwenikweni, kupitirira kochapira zovala, kumene alendo safikako mwangozi. Dalaivala analunjika kuseriko. Pabampu ya kutsogolo kwa mbali ya ana anachepetsa liwiro, ndipo Madamu anatsegula chitseko n'kutsika galimoto isanaime.

Anagwa ndi bondo limodzi, manja atakumbatira mwana, nadzuka. Poto anagubuduka pamsewu. Anathamanga motsimphina, phazi lina jombo lina lopanda kanthu, kumbuyo apongozi akukuwa kuti mugwireni, ndi wodwala mutu, ali ndi mwana. Anthu amene anakhala pamabenchi anabalalika kumupatsa njira. Mlonda anamuthamangira, koma nayenso ankaopa kulumidwa, ndiye ankathamanga mosafuna kupeza munthu.

Pakhomo la chipinda choonera ana panali namwino wachikulire atanyamula mbale ya zipangizo. Ataona munthu wa jombo imodzi, tsitsi lili nyankhalala, bondo likutuluka magazi, anabwerera m'mbuyo.

"Amayi, kwanu si kuno. Pitani kuseri, akakuthandizani."

Madamu anaima. Anameza befu, n'kuyankhula ndi mawu ake enieni, aja a m'kalasi.

"A nesi, ine ndipita kuseriko. Koma muyambe mwaona chifuwa cha mwanayu. Wakana mkaka kuyambira dzulo, thupi latentha, ndipo pansi pa nthiti pakulowa m'kati."

Anayesa kumasula mfundo zija, koma zinali zitalimba monga anafunira. Anangokokera nsalu pansi kuti nkhope ya mwana ioneke. Namwinoyo anayang'ana milomo ija kamodzi kokha. Anaika mbale pansi, anatulutsa sizasi m'thumba, n'kudula nsalu zonse ziwiri. Sanafunsenso kanthu. Anamunyamula mwanayo n'kuthamanga naye m'kati akuitana anzake, ndipo chitseko chinatsekeka.

Madamu anatsala panja. Anakhala pansi pakhonde, atatsamira khoma, zidutswa za nsalu zili pamiyendo. Mlonda anaima chapatali ndi ndodo yake. Patapita nthawi mwamuna wa Madamu anatulukira akuthamanga, malaya ali ndi dzimbiri la malata. Anayang'ana jombo yake kuphazi kwa mkazi wake, n'kuyang'ana kumbali. Foni inali m'manja, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti zojambula zija zamufika kale.

Dokotala wachitsikana anatuluka n'kufunsa abale a mwana. Anati ndi chibayo, chafika poipa, ndipo amuika pa mpweya ndi mankhwala a m'mitsempha. Anati zoti ali bwino sanganene panopa, koma afika naye nthawi yake.

"Mukanadikira mpaka madzulo, bwenzi tikukamba zina," anatero.

Apongozi anakhala pansi n'kulira mokweza. Madamu anadikira. Ankaganiza kuti mwina tsopano wina amuyang'ana n'kunena mawu amodzi okha.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero apongozi akupukuta misozi. "Taona, mwana wanga, mmene amagwirira ntchito. Akanapanda kudwala mkazi wakoyu lero, bwenzi tili kunyumba osadziwa kanthu."

"Sindinadwale, amayi." Madamu anaimirira n'kuyang'ana mwamuna wake. "Bambo a mwana, ndinachita dala. Ndinakuuzani pafoni, ndinawauza amayi, ndinapempha galimoto. Zonse zija, poto, mbale, ndinachita kuti mwana afike kuno."

"Chabwino, chabwino," anatero mwamunayo ndi mawu ofewa aja.

"Musandiyankhe choncho. Dokotala wanena zomwe ndinanena ine m'mawa. Mwamva nokha."

Mwamunayo anasisita nkhope ndi manja onse awiri. Ankaoneka kuti akufuna kukhulupirira, ndipo kwa kanthawi Madamu anaona ngati zitheka. Koma anayang'ananso foni ija.

"Make mwana, munthu amene mutu ukuyenda bwino angachite zimenezi pamaso pa msewu wonse? Kufuna kuluma munthu? Kudumpha m'galimoto ndi mwana?"

"Munandisiyira khomo lina?"

Kumapeto kwa khonde kunali kutafika anyamata awiri a yunifolomu ochokera kuwodi ya kuseri, amene dalaivala anakawaitana. Anaima mwaulemu, akudikira.

Namwino wachikulire uja anasuzumira pakhomo. "Pafunika munthu mmodzi wokhala pambali pa mwana. Mpando ndi umodzi. Mayi ake ndi ati?"

"Ndine," anatero Madamu.

"Sali bwino," mwamuna wake anayankha mofulumira, motsitsa mawu. "Akhala ndi agogo ake. Akatuluka, amayi apita naye kwawo kaye mpaka zinthu zitakhazikika."

Namwinoyo anayang'ana Madamu, n'kuyang'ana anyamata a yunifolomu aja, ndipo anatsegulira apongozi. Chitseko chisanatsekeke Madamu anaona kabedi ka pakona. Wayilesi anagona chagada, timapaipi tili m'mphuno, kadzanja katamangidwa bandeji. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika, mothamangabe, koma milomo inali itayamba kubwerera mtundu wake. Apongozi anakhala pampando uja n'kumugwira kaphazi.

Kukuwa kunamufika pakhosi. Akanatha kugwira chitsekocho, kunena kuti mwanayo ndi wake, kuti ndi iye yekha m'nyumba monse amene anamuyang'ana. Koma ankadziwa mmene kukuwako kukanamvekera, ndipo kukanangochititsa kuti anamwino asiye mwana n'kuthamangira iye. Anakumeza. Anawerama, anavula jombo ija, n'kuipereka kwa mwini wake.

Mmodzi wa anyamata aja anayandikira n'kutambasula dzanja kuti amugwire pamkono.

"Musandigwire, achimwene," anatero Madamu. "Njira ndikuidziwa."